Panado miyezi yonseyi, funso limodzi osafunsa

Sabata yathayi mzere wa odwala pachipatala chomwe ndimagwira ntchito unali wa masiku onse: malungo, chifuwa, ana otsegula m'mimba, sikelo, a ma ARV. Zimenezo anzanga mukuzidziwa, sindichedwa nazo. Chandikwiyitsa ndi cha Lachitatu.

Kunabwera mayi wina wothyola tiyi pa esiteti ina kuno ku Mulanje, mwana wawo wamkazi atawagwira dzanja. Dandaulo lake mutu, kuphwanya thupi, mtima kuthamanga. Nditatsegula buku lawo la kuchipatala, masamba onse nkhani imodzi: malungo palibe, panado, pitani. Zolemba za anthu osiyanasiyana, miyezi yambirimbiri. Sindikunyoza mnzanga aliyense ayi. Odwala akadzaza khonde lonse iwe uli wekha, nthawi yofunsa zambiri uyitenga kuti?

Ndinatseka chitseko. "Amayi, usiku mumagona?" Anangowerama, akupotokola nsonga ya chitenje. Woyankha anali mwana uja: "Adokotala, chichitikireni Freddy amayi sagona, nsima amangoyiyang'ana, ku Mvano anasiya. Dzana andiuza kuti ndidzasamale ang'ono anga." Namondwe wa mu Malichi 2023 uja anawatengera nyumba, amuna awo ndi mwana wachitsiriza. Ndinawafunsa mosapsatira ngati akuganiza zodzipha. Anavomera ndi mutu.

Tonse tinaphunzira kuti munthu akapitirira masabata awiri osakondwa ndi chilichonse, osagona, osadya, akudziona wachabechabe, amenewo ndi matenda a maganizo ndipo amachizika. Koma uwachiza ndi chiyani? Mankhwala ake otchedwa fluoxetine kufamase kulibe. Mnzake amitriptyline analipo wochepa, ndipo ameneyu sungamupereke wambiri kwa munthu wotopa ndi moyo. Ndinawerenga wa masiku ochepa n'kumuika m'manja mwa mwanayo, ndi kumuuza kuti asayembekeze kusintha mawa. Pamatenga masabata awiri mpaka anayi, ndipo akapeza bwino asasiye. Namwino wa za maganizo amene amayenera kumatiyendera sanaoneke kalekale, akuti mafuta. Ambulansi nayonso mafuta. Zomba Mental Hospital ilipo, inde, koma wothyola tiyi ya basi aipeza kuti?

Chinandipweteka kwambiri ndi pempho la mtsikanayo, wa Fomu 3, wochangamuka bwino: "Palibe kabuku koti ndizikawawerengera?" Ndinayang'ana makoma athu. Kolera, kulera, TB, katemera, zonse m'Chichewa, zithunzi zokongola. Za maganizo, ng'o. M'kabati muli mhGAP, buku la malangizo a matenda a maganizo la bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO, m'Chingerezi, lolembera ife ogwira ntchito. Pa intaneti zilipo zambiri, koma Chingerezi chokhachokha, komanso bandulo ndi ndalama. Ndinang'amba pepala n'kulemba ndekha: asakhale okha, chilichonse choopsa chichoke m'nyumba, adye ngakhale pang'ono, m'mawa aziyenda limodzi kukatunga madzi, amayi a Mvano azibwera kudzacheza osati kudzawadzudzula kuti alibe chikhulupiriro. Pansi pake ndinalemba nambala ya 929 ya Chipatala Cha Pa Foni. Alangizi a zaumoyo a m'mudzi mwawo avomera kumawazonda, pa njinga yawoyawo.

Ku Zimbabwe, pulogalamu ya Friendship Bench inaphunzitsa agogo wamba kukhala pabenchi kunja kwa chipatala kumamvetsera anthu otere, ndipo zinathandiza. Ife agogo tili nawo, mabenchi tili nawo. Lachisanu pamsonkhano ndinapempha zimenezo, kapena kapepala kamodzi kokha ka Chichewa. Bwana anati tidikire bajeti, kenaka anatikumbutsa kuti malipoti a mwezi afike Lolemba lisanathe.