Galimoto yanga yasiya kugwada usiku

Lero ndi m'mawa wachitatu wotsatizana ndikupeza galimoto itaima bwinobwino pabwalo, osati itagwada kutsogolo kumanzere ngati ng'ombe yothyoka mwendo. Ndi galimoto yamagetsi ya Tesla Model S ya 2015 imene ndinagula kwa munthu. Ilibe masipuling'i achitsulo, imakhala pa matumba a mphira odzaza mpweya, ndipo kompresa ndiyo imawapopa. Mphira ukakalamba, n'kuwonjezapo maenje a m'misewu yathu ya ku Mabvuku kuno ku Harare, mpweya umayamba kuthawa. Ndinkamva kompresa ikulira nthawi yaitali ndikangotsegula chitseko, ndipo ikamagwira ntchito chonchi mapeto ake imapsa.

Musanagule chilichonse, tengani botolo lopopera, muthiremo madzi ndi sopo wotsukira mbale, mupopere kuti thovu likusonyezeni pamene mpweya ukuthawira. Ine ndinayambira kumapeto. Nditazungulira Kaguvi Street ndi ku Magaba ku Mbare osapeza wodziwa za galimotoyi, ndinangoganiza kuti thumba laphulika, n'kuitanitsa strut yathunthu, chitsulo chonse chimene thumbalo limakhalapo, kuchokera ku UK.

Katundu anafika, koma kuti atuluke m'manja mwa anthu ovomereza katundu! Tsiku loyamba ndinafika 8 koloko, ndinakhala pabenchi mpaka 2 koloko masana, kenako mtsikana wa pawindo akuti magetsi azima, makompyuta sakugwira, bwerani mawa. Mawa lake akuti pepala la mtengo lilibe chidindo, chidindocho chili pawindo lina, mwini windo wapita kukadya. Anabwera nthawi yoweruka itatsala pang'ono, akutokosa m'mano. Tsiku lachitatu ndi limene linanditentha mtima. Atandiwerengera msonkho, umene ndinkauyembekezera, anawonjezapo ndalama yosungira katundu ya masiku atatu. Ndinafunsa kuti, “Bambo, masiku amenewa ndani wandichedwetsa, si inu nomwe?” Iwo anangoloza pepala lomata pakhoma. Ndinalipira madola anga, chenje akuti palibe, ndipo ndinatuluka ndikulankhula ndekha ngati wamisala mpaka pamalo okwerera kombi.

Loweruka kunabwera amalume kuchokera ku Tafara, amene anagwira ntchito zaka zambiri pa malole a mabuleki a mpweya. Atayang'ana bokosilo anangoti, “Mphwanga, sopo wathira?” Ndinangoti kukamwa yasa.

Pokweza galimoto pali chimene simuyenera kuiwala. Pa sikirini sankhani Jack Mode, apo ayi galimoto imayesa kudzilinganiza yokha ili pajeke. Jekeyo ikani pa malo ake enieni m'mbali, chifukwa pansi ponse ndi batire, mukaliboola mwataya galimoto. Mawaya a mtundu wa lalanje musawakhudze n'komwe, ndi a magetsi amphamvu. Ndipo musalowetse mutu pansi galimoto ili pajeke yokha, ikani chochirikiza.

Ndaiwala kunena, usiku wa Lachisanu ndinali nditayeza ndi tepi kuchokera pansi kufika pamlomo wa bodi pa matayala onse anayi, n'kuyezanso m'mawa. Apo ndi pamene ndinatsimikiza ngodya yodwala. Jack Mode imathandizanso apa, popeza galimoto sidzipopa yokha n'kubisa vuto.

Tinapopera sopo pa thumba lonse, zii, palibe kanthu. Amalume anapopera pamwamba pa strut, pamene kapaipi kakang'ono ka pulasitiki kamalowera, thovu n'kuyamba kufufuma ngati thobwa lowira. Kapaipiko kanali katang'aluka kumapeto kwenikweni. Thumba linali labwinobwino. Masiku atatu aja, msonkho uja, zonse zija!

Tinamasula nati yogwira kapaipiko pang'onopang'ono kuti mpweya utuluke wokha, chifukwa mukafulumira kapaipi kamakukwapulani kumaso. Tinadula kachidutswa kong'alukako ndi mpeni wakuthwa, mowongoka ndithu, osati ndi pulayala imene imaphwanya paipi, n'kuika cholumikizira chatsopano. Osamanga mwamphamvu kwambiri, mazinga ake ndi osalimba. Titatsitsa galimoto ndi kuchotsa Jack Mode, kompresa inalira pang'ono n'kukhala chete. Tinathiranso sopo, thovu osaoneka. Thirani sopo musanaitanitse katundu, abale anga.

Strut ija ili m'bokosi lake kuseri kwa chitseko cha kuchipinda, ndipo mayi a kunyumba apunthwapo kale kawiri. Akuti ikafika Lamlungu isanachoke, aipereka kwa anyamata ogula zitsulo.