Zikomo achemwali, inu amene munakana chithunzi chija

Ndalemba n'kufufuta kanayi usiku uno, ndiye zimene zatsalazi muziwerenge mmene zililimu. Lipoti la akatswiri owerengera ndalama amene amafufuza mabuku a malo athu olererako ana latuluka lero masana. Bodi yathu yalilandira, ndipo mabungwe awiri mwa atatu amene anaimika thandizo lawo atilembera kuti ayambiranso mwezi wamawa. Bungwe lachitatu lidakali chete, tidikira. Ana onse agona, nyumba yangoti zii, ine ndili pa tebulo lomwe lija ndakhala ndikuliririrapo masabata 11 apitawa. Lero misozi ikutulukabe, koma ndi ina.

Nkhaniyo mukuidziwa, sindibwereza zonse. Chithunzi chimodzi cha mwana wina amene timalera kuno atangotuluka m'chipatala, wina n'kulemba pansi pake kuti tikupha ana ndi njala, ndalama tikudya tokha. Pofika m'mawa chinali chitazungulira magulu onse a WhatsApp. Ena a inu munanditumizira nokha n'kufunsa ngati ndachiona. Ndinachiona, abale anga, ndinachiona mpaka ndinayamba kuopa foni yanga yomwe.

Poyamba ndithokoze Mulungu. Ambuye, munaona mausiku amene ndinkawerenga ana ali m'tulo, mmodzimmodzi, ndikudzifunsa kuti tikatseka malo ano uyu apita kuti, uyu apita kuti. Simunatisiye. Ulemu ukhale kwa Inu.

Tsopano achemwali. Dzina lanu sinditchula chifukwa munandiletsa, ndipo ndaphunzira kukumverani, ngakhale mochedwa. Kwa amene simukuwadziwa, iwowa amagwira ntchito yofalitsa nkhani pa kampani ina. Anabwerapo kuno kamodzi kokha, chaka chatha, ndi anzawo akuntchito kudzapenta chipinda chophunziriramo ana. Kunena zoona nkhope yawo sindinaisunge n'komwe. Tsiku lachitatu la chipwirikiti chija anaimba foni n'kundipempha chinthu chimodzi, kuti ndisalembe kalikonse pa Facebook mpaka iwo atafika. Nthawi imeneyo n'kuti ndili ndi yankho lalitali m'foni, lamoto, lotchula ngakhale munthu amene ndinkamuganizira. Chala chinali chitatsala pang'ono kudina.

Munafika madzulo mutaweruka, mukadali m'zovala za kuofesi, nsapato n'kuvula pakhomo ngati mwana wapanyumba. Munawerenga yankho langa lonse osanena kanthu. Kenako munandifunsa mafunso atatu: pa zimene anthu akunena, zabodza ndi ziti, zoona ndi ziti, nanga zimene ine mwini sindikuzidziwa bwinobwino ndi ziti. Ndinayankha mokalipa kuti zonse ndi zabodza. Munangondiyang'ana n'kudikira. Kudikira kwanu kuja ndi kumene kunandithyola. Ndinaulula kuti malisiti a miyezi ina anali m'katoni pansi pa bedi langa, osalembedwa m'buku, ndiponso kuti mwanayo analidi wowonda chifukwa anali atadwala nthawi yaitali. Inu munati tiyambire pomwepo.

Chikalata chimene tinatulutsa usiku umenewo chinali cha mizere isanu basi. Tinati nkhaniyo taiona, mwanayo akusamalidwa, tapempha akatswiri oima paokha kuti aone mabuku athu a ndalama, zimene adzapeze tidzaziika poyera zikhale zabwino kapena zoipa, ndipo tikupempha aliyense asiye kutumiza chithunzi cha mwanayo. Ine ndinkaona ngati tadzichepetsa kwambiri, ngati tavomera mlandu. Munatiuzanso kuti woyankhula akhale mmodzi yekha, ena onse asayankhe ndemanga za anthu ngakhale atatukwanidwa bwanji. Mmodzi wa amayi olera ana kuno anachita kundipatsa foni yake kuti ndimusungire, ati akakhala nayo m'manja sapirira.

Ndivomere pano, kale ndinkaganiza kuti anthu ofalitsa nkhani m'makampani amalipidwa kuti azikometsa zonyansa, kupaka utoto khoma long'aluka. Mwina ena amaterodi. Koma pa masabata onsewa sindinakumveni ngakhale kamodzi mukundiuza kuti ndibise kanthu. Chimene munkalimbana nacho ndi nthawi yolankhulira, mawu oyamba kunena, ndi munthu woyenera kumva nkhani asanaimve kwa ena. Munatikakamiza kuimbira foni aliyense amene amatithandiza, mmodzimmodzi, chikalata chisanapite kwa atolankhani, kuti asamve za ife pa wailesi. Mafoni amenewo anali owawa, ena ankangoti "tamva" n'kudula. Koma awiri amene abwerera lerowa anena okha kuti foni ija ndi imene inawasunga.

Ntchito yonseyi simunalandirepo kanthu. Akuntchito kwanu amaitcha pro bono, mawu a Chilatini ofupikitsa pro bono publico, kutanthauza kuchita chinthu kaamba ka ubwino wa anthu onse. Ine ndinkangowamva kwa maloya. Abwana anu anakulolani inu ndi anzanu awiri maola angapo pa sabata, ndipo nawonso ndikuwathokoza kwambiri. Koma maola amenewo ankatha pofika Lachiwiri. Otsalawo anali anu, a usiku, a Loweruka, a Lamulungu mutatuluka m'tchalitchi.

Pali tsiku limodzi limene ndikufuna ndilifotokoze, chifukwa ndinakulakwirani ndipo sindinapepese bwino. Inali sabata yachisanu. Ndalama zinali zitatsala pang'ono kutheratu, antchito ndinali nditawauza kale kuti malipiro achedwa. Munthu wina wondifunira zabwino anandilangiza kuti tipemphe thandizo pogwiritsa ntchito chithunzi cha mwana akulira, chifukwa zoterozo n'zimene zimatsegula matumba a anthu msanga. Ndinali nacho chithunzi chotero. Ndinakutumizirani usiku. Munayankha kuti ayi, chimenechi simuikapo dzanja lanu.

Ndinakuimbirani nditapsa mtima. Munandiuza modekha kuti mwanayo tsiku lina adzakhala ndi zaka 20, adzafuna ntchito, adzafuna banja, ndipo intaneti siiwala. Mnzake wa m'kalasi angathe kuchipeza mawa lomwe. Munandikumbutsa za Pangano la United Nations la Ufulu wa Ana la mu 1989, limene ine ndimalitchula m'misonkhano koma sindinaliwerengepo modekha: ndime 3 imati pa chilichonse chokhudza mwana tiyambe taganizira chimene chili chabwino kwa mwanayo, ndime 12 imati maganizo ake amvedwe, ndime 16 imateteza zinsinsi zake, ulemu wake ndi mbiri yake. Munatinso malangizo a UNICEF okhudza kulemba nkhani za ana amati mwana amene anagwiriridwa kapena ali ndi HIV asinthidwe dzina ndipo nkhope yake ibisidwe. Ine ndinakuyankhani kuti ana sadya ndime 16, n'kukudulirani foni.

M'mawa mwake munabwera ndithu, mutanyamula mafomu opempha chilolezo kwa makolo ndi owayang'anira ana. Za dzulo lake simunazitchule. Ndinachita manyazi kuposa mukanandikalipira.

Ndipo chimene chimandiwawa kwambiri n'chakuti chithunzi chimene anthu anatipweteka nacho sanachibe kwina. Tinachiika tokha pa tsamba lathu chaka chatha popempha thandizo la kuchipatala. Ndinachijambula ndine. Mwanayo sindinamufunse, agogo ake sindinawafunse. Inu munadziwa zimenezi kuyambira tsiku loyamba koma simunandinyoze nazo. Loweruka lina tinangokhala pansi awiri ndi laputopu yanu, n'kuyamba kuchotsa zithunzi pa tsambalo, chaka ndi chaka kubwerera m'mbuyo. Munandionetsa zimene maso anga sankaona: baji ya sukulu pa yunifomu, nambala ya nyumba kuseri kwa mwana, dzina lonse lolembedwa pa kope limene wanyamula. Munandionetsanso kuti foni ikamajambula ingathe kusunga malo enieni amene chithunzi chajambulidwira, ndipo ukachitumiza pa WhatsApp ngati document zonsezo zimapita nacho limodzi. Tinazimitsa zimenezo m'mafoni a antchito onse tsiku lomwelo.

M'malo mwa misozi ya mwana munajambula nsapato zawo zitandanda pakhomo, zazing'ono ndi zazikulu, ina yosowa inzake. Munajambula manja akulemba. Munakhala pansi ndi ana akuluakulu n'kuwafunsa chimene iwo akufuna kuti anthu adziwe za iwo. Mnyamata wina amene ine ndinkangomuona ngati wofatsa anati anthu adziwe kuti masamu palibe amamuposa m'kalasi mwawo. Ndinatuluka panja kukalira, chifukwa zaka zonsezi ndakhala ndikuuza alendo mmene anabwerera kuno, za masamu sindinatchulepo. Thandizo limene linabwera ndi zithunzi za nsapato zija silinali lambiri ngati mmene ndinkalotera, ndisaname. Koma linatifikitsa kumapeto kwa mwezi.

Za atolankhani ndinene mwachidule. Munandikhazika pa mpando n'kudzisandutsa mtolankhani wankhanza, n'kundifunsa m'maso muli gwa kuti ndadya ndalama zingati. Ulendo woyamba ndinalira, wachiwiri ndinakalipa, wachitatu ndinayankha. Munandiphunzitsa kuti chimene sindikudziwa ndinene kuti ndikafufuza ndipo ndiwaimbira, kenako ndiwaimbiredi. Munawaitana nthawi imene ana ali kusukulu, kuti kamera isapeze mwana aliyense. Atolankhani awiri amene anabwera analemba mwachilungamo, ndi za katoni ya malisiti zomwe, ndipo ndikuwathokoza.

Ndithokozenso achimwene amene ankakonza zithunzi ndi zolemba zathu kuti zioneke bwino, nthawi zina pakati pa usiku. Achemwali enawo amene ankayankha makalata a pa imelo m'dzina lathu moleza mtima, ngakhale kwa anthu amene ankangofuna kutukwana. Owerengera ndalama, amene sanatichitire chifundo ngakhale pang'ono, ndipo n'chifukwa chake lipoti lawo anthu alikhulupirira. Apeza kuti palibe ndalama inabedwa, koma kasungidwe kathu ka mabuku kanali kosalongosoka, ndipo atipatsa zoti tikonze. Tavomera zonse. Amayi olera ana ndi alonda, munagwira ntchito malipiro atachedwa, mukunyozedwa m'misewu chifukwa cha ine, koma palibe anachoka. Bambo akunyumba, pepani, masabata onsewa munali ndi mkazi wongoyang'ana foni. Inu nonse amene munkapemphera, amene munkangotumiza uthenga woti "tili nanu mayi", munandisunga.

Koma pali ena. Sinditchula munthu. Aja amabwera kumapeto kwa chaka ndi cheke chachikulu cha katoni ndi wojambula wawo, n'kunyamula mwana wamng'ono kwambiri kuti chithunzi chikome, n'kuchoka ana asanamalize kuimba. Pa masabata 11 awa mafoni awo anali osapezeka. Mmodzi anachotsa mwakachetechete zithunzi zake zonse za kuno. Sindikusunga mangawa, Mulungu andithandize. Khomo lili lotsegula, mudzabwere. Kungoti mukadzabwera ndi kamera mudzapeza fomu pa geti, ndipo mwana akadzati sakufuna kujambulidwa, ndiye kuti sakufuna.

Ndibwerere kwa inu achemwali, chifukwa ndikayamba kuthokoza ena mtima ukungobwerera komweko. Munabwera maulendo osawerengeka koma palibe chithunzi chanu ngakhale chimodzi muli ndi ana athu. Ntchito yanu ndi yotchukitsa ena, ndipo mukanafuna mukanadzitchukitsa nayo nkhaniyi mosavuta. Tsiku lina mwana wanu anadwala, munayankha mafunso anga muli pa benchi ya kuchipatala, ine osadziwa, ndinamva patapita sabata. Ana kuno amakutchulani anti a laputopu. Kamtsikana kena kandifunsa dzulo ngati mudzasiye kubwera poti mavuto atha. Ndakauza kuti mwayamba kale kukonza zoti pa 20 November, tsiku la ana padziko lonse, tsamba lathu lidzayendetsedwe ndi ana okha, alembe zimene akufuna. Kadumpha ndi chimwemwe n'kuthamanga kukauza anzake.

Ambuye akudalitseni, akudalitsireni mwana wanu, ntchito yanu, ndi manja anuwo. Akubwezereni tulo tonse timene munataya chifukwa cha ana a eni ake. Ndipo pepani chifukwa cha foni ija ndinakudulirani.

Lipoti lonse tiliika pa tsamba lathu mawa 8 koloko m'mawa, masamba onse, ndi otichititsa manyazi omwe. Ndimafuna ndiliike pompano koma mwandiletsa, mwati nkhani yofunika siikidwa usiku anthu atatopa. Mwanditumiziranso uthenga posachedwapa kuti ndikagone ndipo ndisaike kalikonse musanawerenge. Izi zokha ndaika musanawerenge, achemwali. Mundikalipire mawa.