Mmene ndinapentera zonyezimira za mkati mwa Axio yanga

Galimoto zochokera ku Japan zimafika mkati muli mwaudongo, koma dzuwa la kuno likaziwomba zaka zingapo, timizere tonyezimira ta m'mbali mwa giya ndi tozungulira mabowo a AC timayamba kuthimbirira, kenako kusupuka. Mu Toyota Corolla Axio yanga zinafika poipa moti chogwirira chitseko cha kwa dalaivala chinkacheka chala. Ndinaganiza zokonza ndekha ndi penti wa chrome wa m'chitini, wogulitsidwa m'mahadiweya uja.

Dziwiranitu kuti pentiyu si chrome. Chrome wa kufakitale ndi chitsulo chenicheni: pamwamba pa pulasitiki amakutapo mkuwa, kenako nickel, pomaliza chromium. Za m'chitinizi ndi tizidutswa tating'ono kwambiri ta aluminiyamu, timene timayandama n'kuyalana pamwamba penti akamauma. Chivindikiro cha chitini chimawala ngati kalilole, koma zotulukamo sizifika pamenepo. Zimangooneka ngati chitsulo chopukutidwa bwino, ndipo mkati mwa galimoto zimenezo n'zokwanira.

Ndinagula chitini cha chrome cha 400 ml, china cha penti wakuda wowala, pulayimala wa pulasitiki (wopaka poyamba kuti penti agwire), sandipepala wa 400 ndi wa 800 (wosalala kuposa wa 400), spiriti wofiirira uja ndi tepi.

Kuchotsa zipangizo kumafuna kufatsa. Zambiri zimagwidwa ndi timakilipu, ndiye ndinakulunga kansalu kunsonga ya sikuludilayiva yophwatalala n'kumakanula pang'onopang'ono, ndikujambula pafoni kuti ndisaiwale pobwezera. Chizindikiro cha Toyota cha pa chiwongolero sindinachikhudze, pansi pake pali airbag.

Mukachotsa, tembenuzani chilichonse muwerenge kumbuyo. Pamakhala zilembo ngati ABS kapena PP, zosonyeza mtundu wa pulasitiki. ABS imagwira penti mosavuta. PP ndi yoterera, ndipo popanda pulayimala wa pulasitiki penti amamatuka ndi chikhadabo chabe.

Ntchito yeniyeni ili pa kutsuka ndi kupala. Anyamata otsuka galimoto amakonda kupopera polishi pa dashibodi kuti bwana akondwe, koma polishi wambiri wotere amakhala ndi silikoni, ndipo penti akagwera pa silikoni amathawa n'kusiya timabowo ngati maso a nsomba. Ndinatsuka ndi sopo wamadzi wotsukira mbale, ndikutikita m'makona ndi mswachi wakale, zitauma n'kupukuta ndi spiriti. Thinala ayi ndithu, amasungunula ABS.

Chrome wakale wosupukayo ndinamuchotsa ndi kampeni, magolovesi ali m'manja, chifukwa m'mphepete mwake ndi mwakuthwa. Pomwe anali womatirira ndinangopala ndi sandipepala wa 400 woviika m'madzi mpaka chala chisamve malire a pomwe pali chitsulo ndi pomwe palibe. Kenako wa 800. Apa m'pomwe pamatopetsa, koma penti wa chrome sabisa kanthu. Kamzere kakang'ono kamene simukukaona pa pulasitiki wakuda kadzaonekera patali pakakhala siliva.

Ndinapopera m'mamawa mphepo isanayambe, pakhonde la kuseri, nditawaza madzi pansi kuti fumbi lisauluke. Inali nyengo yotentha, yomwe ndi yabwino pa kuuma koma yoipa pa fumbi. M'nyengo ya mvula vuto limakhala chinyezi, chimene chimachititsa penti kuchita mbuu. Valani chotchinga pamphuno, ndipo mbaula ikhale kutali, chifukwa mpweya wa m'chitinimo umayaka. Zipangizozo ndinazimata ndi tepi pa katoni, timphete ta AC ndinatikoleka pa waya.

Ndinayamba ndi pulayimala wopyapyala, kenako wakuda wowala. Wakudayu ena amamudumpha, koma ndi amene amasalaza pansi kuti aluminiyamu agone bwino. Ndinamusiya mpaka mawa lake kuti aume zenizeni.

Chitini cha chrome chigwedezeni mphindi 2 kuyambira pomwe kampira ka mkati kayamba kulira. Chigwireni pa mtunda wa masentimita 20 mpaka 25, yambani kupopera pambali, dutsani pa chinthucho, n'kusiyira mbali inayo. Ulendo woyamba kumaoneka ngati simunachite kanthu ndipo dzanja limayabwa kuti muwonjezere pomwepo. Dikirani mphindi zolembedwa pa chitinicho. Mukathira wambiri nthawi imodzi penti amayenderera, ndipo m'malo mowala amangokhala wotuwa.

Funso lovuta linali la clear coat, penti wopanda mtundu amene amathira pamwamba poteteza wa pansi. Ndinafunsa mkulu wina wopenta magalimoto m'dera lathu, ndipo anangoseka. "Achimwene, mukathira clear pamenepo mwapha. Yesani kaye pa supuni muone nokha." Ndinapenta masupuni apulasitiki mofanana ndi zipangizo zija, imodzi n'kuithira clear. Inazima pompo, n'kusanduka siliva wamba. Chimachitika n'choti clear amanyowetsanso penti wa pansi, tizidutswa tija n'kusokonezeka pomwe tinayalana. Koma popanda clear, chrome ameneyu ndi wofewa, chala chimasiya chidindo ndipo pogwiragwira pamada.

Ndiye ndinagawa. Timphete ta AC ndi kamzere ka pamwamba pa wailesi, zomwe munthu sazigwira, ndinazisiya zopanda clear. Chozungulira giya, pomwe makiyi ndi ndalama zachitsulo zimakhulapo tsiku lililonse, ndinachithira clear, ndipo siliva wozimayo akuoneka bwino kuposa mmene ndinkaganizira. Kunena zoona, pa malo otere ndi bwino kungogula penti wa siliva wamba poyamba pomwe. Chogwirira chitseko sindinavutike nacho, palibe penti wa m'chitini amene angapirire dzanja lotuluka thukuta. Ndinakagula chakale koma chabwino kwa ogulitsa sipeya mumsika wa Ndirande.

Ndisanabwezere ndinazisiya masiku angapo pamthunzi, popeza pentiyu amauma msanga pamwamba mkati mukadali mofewa. Pobwezera ndinkakanikiza ndi kansalu kofewa molunjika pa timakilipu. Tsopano ndikapita kotsukitsa galimoto ndimanena ndisanapereke makiyi kuti polishi asafike pa dashibodi, ndipo zonyezimirazo ndimapukuta ndekha ndi kansalu kouma.