Zikomo kwa nonse amene munayenda nane pamene maso anga sankaona

Abale ndi alongo mwa Ambuye, Lamlungu lapitali ndinaimanso kutsogolo kwa mpingo kuwerenga Mawu, koyamba chitisiyireni mayi a ana anga. Ambiri munandigwira chanza potuluka, koma pakhomo pa tchalitchi si pokambira zambiri. Ndiye ndati ndilembe pano, ndikuthokozeni bwinobwino, komanso ndifotokoze kumene ndinali, chifukwa ena mumayesa kuti chinandisowetsa ndi chisoni chokha.

Chisoni chinalipo, inde. Koma chinandikhazika pansi ndi china: ndinasiya kuona. Chaputala 15 cha 1 Akorinto ndachiwerengapo pa manda a anthu ambiri, ndipo ndimachidziwa pamtima. Khristu anaonekera kwa Kefa, kwa khumi ndi awiri aja, kwa abale oposa 500 nthawi imodzi, kwa Yakobo, potsiriza kwa Paulo mwini wake. Zonsezi zinali m'mutu mwanga, palibe chinasowa. Koma itafika nthawi yanga yoima pa manda, ndinangoona dothi basi. Sindinakane Mulungu, kupemphera sindinaleke. Ndinali ngati Marita uja, amene anavomera bwino lomwe kuti mlongo wake Lazaro adzauka tsiku lomaliza, koma Ambuye atati mwala uchotsedwe, iye n'kuyamba kudandaula za fungo, poti panali patapita masiku anayi.

Choyamba ndithokoze Abusa athu. Ankabwera, n'kukhala, nthawi zina osanena chilichonse mpaka kutsanzika. Pa tebulo panali Baibulo la malemu, magalasi awo ali pamwamba pake monga anawasiyira popita ku chipatala. Alendo ena ankafuna kundisungira zinthuzo kuchipinda kuti ndisamaziwone. Abusa sanazikhudze n'komwe. Chipewa chawo ankachiika pambali pake. Tsiku lina ndinawauza mosabisa kuti, "Abusa, za kuukazi ine sindikuonapo kanthu." Sanadzidzimuke. Anangoti, "Bambo, tsegulani Luka 24, muyambire vesi 13, mundiwerengere."

Nkhani ya ku Emau ndaiphunzitsa kwa ana ndi akulu omwe, koma tsiku limenelo inandiima pakhosi. Taganizani anthu awiri aja. Yesu ankamudziwa nkhope ndi mawu omwe. Uthenga wa amayi amene analawirira kumanda anali ataumva. Anzawo ena anali atapita kukatsimikiza, n'kupeza manda ali apululu monga amayiwo ananenera. Umboni wonse anali nawo m'manja, koma n'kuutenga ulendo wa makilomita pafupifupi 11 kuchoka ku Yerusalemu, nkhope zili zakugwa. Kleopa anafika pomudabwa Yesu kuti kodi ndiye yekha mlendo wosadziwa zimene zachitika, osadziwa kuti akuuza mwini nkhani. Ndiye Ambuye anawamasulira Malemba, kuyambira kwa Mose kufikira kwa aneneri onse. Ndani wa ife anamvapo ulaliki woposa umenewo? Mitima inatentha, koma kumuzindikira ayi. Anamuumiriza kuti agone kwawo pongoona kuti kwada, mlendo asayende usiku. Pokhapokha atanyema mkate m'pamene maso awo anatseguka. Luka sanena kuti iwo anachita khama n'kuona. Akunena kuti maso awo anagwidwa, kenako anatsegulidwa.

Ndipo sanali okha. Mariya wa Magadala anamuyang'ana Yesu maso ndi maso n'kumamuyesa wosamalira munda, mpaka atamutchula dzina. Asanu ndi awiri aja ku nyanja ya Tiberiya anayankhana naye ali pagombe, osamudziwa, mpaka khoka litadzaza nsomba 153. Atumwi nawo atamva mawu a amayi, anangoti n'zopanda pake. Apa ndinene maganizo anga: mwambi uja timakonda kuuza ofedwa, wakuti "limbani mtima, mukhale ndi chikhulupiriro", timaunena mopepuka kwambiri. Anthu amene anadya naye zaka zitatu anafunika kutsegulidwa maso, nanga ife? Ngakhale Petro atavomereza kuti Yesu ndiye Khristu, anauzidwa kuti si thupi ndi mwazi zimene zinamuululira zimenezo, koma Atate wa Kumwamba.

N'chifukwa chake ndikuthokoza kwambiri inu amene simunayese kunditsegula maso ndi zala zanu. Mwana wanga wamkazi, iwe unkaimba foni madzulo aliwonse, n'kundiwerengera salimo limodzi, osandifunsa ngati ndamva kapena ayi. Nawenso unali utataya mayi ako, koma unandisenza ine. Alamu anga, munagona pansi m'chipatala usiku wonse wa matenda aja, ndipo maliro atatha simunatitaye. Anamwino amene munawasamalira mayiwa mpaka mapeto, maina anu sindinawasunge onse, koma manja anu ndinawaona. Akulu anzanga a mpingo, munagawana ntchito zanga mwakachetechete, ndipo palibe ndi mmodzi yemwe anandifunsa kuti ndibwerera liti. Amayi a kwaya, mpando wa mnzanu munausiya wopanda munthu kwa nthawi yaitali. Ndinamva, ndipo ndinalira.

Nanunso achimwene amene munkabwera ndi mfundo zotsimikizira kuti manda analidi apululu, za mwala, za alonda, za atumwi amene analolera kuzunzidwa chifukwa cha umboni wawo, zikomo. Mfundo zanu zinali zoona, ndipo ndinalibe potsutsa. Kungoti nthawi imeneyo zinkandifika m'khutu mokha. Lero zikundithandiza.

Ena mwafunsa kuti zinasintha bwanji. Kuwala kwa pa njira ya ku Damasiko ine sindinakuone, ndipo palibe mamba anagwa m'maso mwanga monga anachitira Saulo, Hananiya atamusanjika manja. Zanga zinafanana ndi za wakhungu wa ku Betsaida, pa Marko 8, amene atakhudzidwa koyamba ankaona anthu ngati mitengo ikuyenda, mpaka Ambuye anamukhudzanso kachiwiri. Mnyamata wina wa mu mpingo mwathu bambo ake atamwalira, anabwera kunyumba kuti ndipemphere naye. Ndinafuna kumutumiza kwa Abusa, koma anali atakhala kale pansi, misozi ili chuchuchu. Posowa chonena ndinatsegula Yohane 11. Titafika pamene Yesu analira, ndinaima. Iye ankadziwa kuti posachedwa amuitana Lazaro atuluke, koma analirabe pamodzi ndi olira. Popemphera ndinangodzimva ndikutchula bambo a mnyamatayo ndi mayi a kwathu monga anthu amoyo amene ali m'manja mwa Ambuye, osadzikakamiza, osachita kufunafuna mawu. Mnyamatayo anandithokoza potuluka, osadziwa kuti wothandizidwa ndinali ine. Iwe mwana wanga, ukawerenga izi udzidziwa, Mulungu akukumbukire.

Sindinganame kuti tsopano ndikuona mbee masiku onse. Alipo masiku ena amene mitengo ija imayendabe, makamaka madzulo nyumba ikati zii. Koma ndikutha kuwerenganso kuti imfa yamezedwa m'chigonjetso, mawuwo n'kukhala ndi Munthu kumbuyo kwake.

Phunziro la Baibulo la Lachitatu ndiyambanso kutsogolera sabata ya mawa, Abusa avomera. Ngati alipo wina amene ali mumdima ngati umene ndinalimo ine, abwere, kapena andiitane ndibwere ndine, sindidzamufunsa mafunso. Pomaliza ndipemphe amayi a kwaya: amene muli ndi zithunzi kapena nyimbo zojambulidwa zomwe malemu akuimba nawo, chonde nditumizireni. Ana akuzifuna kuti adzaonetse adzukulu.

Ambuye wouka kwa akufa akudalitseni nonse.