Lero ndinaima pa chipilala cha Myasnikyan

Mvula yakhala ikuwaza kuyambira m'mawa kuno ku Yerevan, likulu la dziko la Armenia, koma pochokera ku sukulu ndinatsika basi ndisanafike kunyumba kuti ndikaone chipilala cha Alexander Myasnikyan, chimene ndakhala ndikuchidutsa miyezi yambiri osaima. Ndi chimwala chachikulu chimene anasema Ara Shiraz, ndipo nditafika ndinapeza nkhunda ziwiri zitausa m'munsi mwake, nthenga zili nyowe.

Munthuyu sanabadwire ku Armenia. Anabadwa mu 1886 ku Nor Nakhichevan, pafupi ndi Rostov-on-Don, kumene kunali Aarmeniya ambiri, ndipo anakaphunzira zamalamulo ku yunivesite ya Moscow. Uloya anaugwirako ndithu, koma mtima wake unali ku chipani cha Bolshevik, chimene chinkafuna kugwetsa ufumu wa Russia. Mu 1917 anali kale ku Minsk pakati pa asilikali, akulemba m'nyuzipepala ya Zvezda, kenaka n'kukhala mmodzi wa atsogoleri oyamba a boma la Soviet ku Belarus.

Chimene chandigwira mtima ndi chaka cha 1921. Anamutuma ku Yerevan kudzatsogolera boma anthu atangoukira Abolsheviki mu February, chifukwa cha nkhanza za amene analipo iye asanabwere, amene ankalanda chakudya ndi kutsekera anthu m'ndende. Dziko linali pa njala, lodzaza ndi ana amasiye ndi othawa kuphedwa ku Turkey. M'malo mobwezera, iye anafewetsa dzanja, ndipo boma lake linayamba kuitana anthu ophunzira amene anali kunja kuti abwere kwawo. Mmodzi wa obwererawo anali Alexander Tamanian, amene anajambula mapulani a mzinda umene ndayendamo lerowu. Ine ndikuganiza kuti pamenepa ndi pamene uloya wake unaonekera, ngakhale sindiiwala kuti boma lomwelo silinkalola chipani china kupuma.

Anafa pa 22 March 1925, ndege imene anakwera popita ku Sukhumi itapsa n'kugwa pafupi ndi Tiflis (Tbilisi ya lero, likulu la Georgia), iye asanakwanitse zaka 40.

Pobwerera ndinakwera basi ina, ndipo pa chikwangwani cha minibasi imene inatidutsa ndinawerenga dzina la Martuni, tauni ya m'mbali mwa nyanja ya Sevan. Limenelo ndi dzina limene iye ankasainira zolemba zake. Ndafika kunyumba nsapato zitalowa madzi, ndipo pano zili pafupi ndi chotenthetsera.