Kudula matope a pansi pa nyanja yamchere pofufuza mabakiteriya

Matopewa ndimawatenga ndi paipi yapulasitiki yoonekera mkati, yotalika masentimita 50. Ndimaizika choongoka, n'kutseka kukamwa kwake ndi labala, kenako kuizula pang'onopang'ono. Madzi otsalira pamwamba akakhala ovunduka, ndiye kuti matope apamwamba asokonezeka, choncho ndimataya n'kuzikanso pena.

Kudula ndimadulira kugombe komweko. Paipi yosadula singapirire ulendo wochoka ku Beira kudzera ku Tete ndi Mwanza mpaka ku Blantyre, chifukwa kutentha ndi mabampu zimasintha zamkati.

Ndimakankha matope kuchokera pansi, n'kumadula amene atulukira pamwamba. Masentimita awiri oyambirira ndimadula theka la sentimita nthawi iliyonse, kutsika apo masentimita awiriawiri. Pamwamba m'pofunika kudekha, poti m'matope a kugombe okhala ndi zoola zambiri okisijeni amathera m'mamilimita ochepa chabe. Mukadula mokhuthala, mwasakaniza mabakiteriya opuma okisijeni ndi a pansi pake, amene amagwiritsa ntchito nitrate, manganese ndi iron m'malo mwa okisijeni.

Maso ndi mphuno zimathandiza. Pamwamba matope amakhala ofiirira, m'munsi amada bii n'kumanunkha ngati dzira lovunda. Apo mwafika pa mabakiteriya odalira sulfate (mchere wina wa m'madzi wokhala ndi sulufa): amatulutsa sulfide, amene akakumana ndi iron amadetsa matope. Madzi a m'nyanja yamchere ali ndi sulfate wochuluka, pafupifupi mamilimolo 28 pa lita imodzi, n'chifukwa chake gawo limeneli limapita pansi kwambiri kusiyana ndi la m'Nyanja ya Malawi. Tizilombo topanga mpweya wa methane, tomwe ndi archaea (gulu lina la tizilombo ta selo limodzi) osati mabakiteriya, timachuluka kumene sulfate wathera, ndipo kawirikawiri paipi yaifupi chonchi sifikako.

Pachidutswa chilichonse ndimatapa pakati penipeni ndi sirinji yatsopano ya 5 ml yodula kunsonga. Za m'mbali ndimasiya, chifukwa khoma la paipi limakokera matope apamwamba m'munsi. Matope owerengera maselo amalowa mu formaldehyde (mankhwala oteteza maselo kuti asaonongeke), madzi ofinya m'matope mu zinc acetate kuti sulfide asathawe, a DNA ndimawaumitsa ndi kuzizira nthawi yomweyo.

Ku Blantyre kuno ndimawasunga pa -80°C, m'mafiriji awiri osiyana. Magetsi akazima matope n'kusungunuka, kenako n'kuumanso, maselo amaphulika ndipo DNA imaduka. Potulutsa DNA ndimaonjezera kabotolo kopanda matope, kokhala ndi mankhwala a mulabu okha. Pamwamba maselo amatha kufika biliyoni imodzi pa cm³, koma amachepa mukamatsika, ndipo akachepa, DNA yobwera ndi mankhwala a mulabu imaoneka ngati ya m'nyanja. Mabakiteriya opezekanso m'kabotoloko ndimawachotsa pa zotsatira.