Gawo 7: Kope la achemwali

Zikomo nonse amene munalemba pa gawo lathali, makamaka mayi amene munati mwana wanu nayenso amamva mawu popanda wolankhula, ndinawerenga mpaka misozi. Ena mwafunsa kuti zinatha bwanji atanditulutsa kuchipatala kachiwiri kaja.

Zaka zitatu zinangodutsa ndikumwa mankhwala a matenda anga a maganizo otchedwa schizophrenia. Amene anazindikira kuti matendawa akugwirizana ndi msambo wanga si ine, ndi achemwali anga aja. Tsiku lina anangoti, "Iwe, bwanji ukatsala pang'ono kupita kumwezi umayamba kutseka makatani n'kumati anthu akukunena?" Ndinapsa mtima, ndinaona ngati akundilonda. Koma iwo anatenga kope n'kumalemba masiku mwakachetechete.

Usiku wina sindidzauiwala. Msambo unali utangoyamba, ndinakhala pansi kubafa chitseko chokhoma, mawu aja akundiuza kuti magaziwa ndi chilango, kuti ndine wonyansa, kuti aliyense panja akudziwa, ine kugwira makutu koma mawuwo sachokera kunja ndiye ungawatseke bwanji, achemwali akugogoda, ine kulephera ngakhale kuyankha kuti ndili moyo. Anakhala kuseri kwa chitseko mpaka kunacha.

Titapita ndi kopelo adokotala sanadabwe n'komwe. Anati homoni ya estrogen imathandiza kuteteza ubongo, imakhudza dopamine, kemikolo ya muubongo, yomweyo imene mankhwala a schizophrenia amalimbana nayo. Msambo ukayandikira estrogen amatsika, ndiye kwa azimayi ena matenda amakula masiku amenewo. Ukangobereka amatsika kwambiri mwadzidzidzi. Apa ndinangoti kakasi, chifukwa mukukumbuka ndinadwala koyamba mwana wanga ali ndi masabata awiri, bambo ake n'kumati ndikuthawa kulera.

Ndipo apongozi anga akale, ngati mukuwerenga, paja nthawi imene ndinasiya kusamba mkaka n'kumatuluka munalengeza kuti ndili ndi mimba ya chibwenzi. Anali mankhwala anga a risperidone mayi, amakweza homoni ya prolactin imene imapangitsa mkaka kutuluka n'kuimitsa msambo. Mpaka lero simunapepese.

Ena munandinena kuti bwanji sindinangosiya mankhwala. Ndinasiyapo kamodzi, gawo 4 likadalipo, kawerengeninso. Ine ndinapita kukadandaula, anandisinthira ena, msambo unabwerera.

Chimene chikundisowetsa tulo pano n'choti azimayi ena matendawa amawayamba kapena kuwakulira akapitirira zaka 45, akamasiya kusamba, estrogen akamapita osabweranso. Ine ndili ndi 43. Kope lija ndikulemba ndekha tsopano, achemwali anasamuka, nkhani ya kusamukako ndidzakuuzani m'gawo 8.